Kubwerera ku Umuofia ndili wamkulu

Pali funso lomwe munthu wokonda kuwerenga salephera kufunsidwa akapezeka atagwira buku lomwe analiwerenga kale: "Si paja munalimaliza limeneli? Mukufunamonso chiyani?" Funsoli ndi lomveka. Mabuku ndi ambirimbiri, ndipo munthu wamkulu nthawi yowerenga amachita kuiba pakati pa ntchito, ana ndi tulo. Komabe ine ndikafuna kusangalala kwenikweni ndi kuwerenga, sindithamangira buku latsopano. Ndimabwerera ku lakale, ndipo lomwe ndimabwererako kwambiri ndi Things Fall Apart la Chinua Achebe.

Nkhani yake ndimaidziwa yonse. Ndikudziwa amene adzafe, ndikudziwa dzanja lomwe lidzamuphe, ndikudziwanso za mtengo umene uli kuseri kwa nyumba ya Okonkwo wa ku Umuofia, mwini nkhaniyi, m'mutu womaliza. Kudziwa kumeneku ndi kumene kumandimasula. Ukamawerenga buku koyamba umakhala kapolo wa funso limodzi lokha: kenaka chinachitika n'chiyani? Maso amathamanga, ndime zofotokoza nyengo kapena ntchito ya kumunda umangozidumpha, mtima uli pa kukafika pomwe pali ndewu. Funso limenelo likayankhidwa silidzukanso. Ndiye ukabwerera umayenda pang'onopang'ono, n'kuyamba kuona anthu amene anaima m'mbali mwa njira pamene unkadutsa chothamanga.

Choyamba chimene chimadabwitsa ndi kaikidwe ka nkhaniyo. Ambiri amene anawerenga bukuli ali achinyamata amakumbukira zinthu ziwiri, mpikisano wogwetsana ndi kubwera kwa azungu. Koma nkhani ya Okonkwo kugwetsa Amalinze, katswiri amene anatha zaka zisanu ndi ziwiri osagwetsedwa, ili m'mizere yoyambirira chabe, ndipo ikufotokozedwa ngati chinthu cha kalekale, Okonkwo ali ndi zaka 18. Bukuli lili ndi mitu 25 m'zigawo zitatu. Chigawo choyamba chokha chili ndi mitu 13, kuposa theka la buku lonse, ndipo m'menemo simufika mmishonale ngakhale mmodzi. Muli kubzala zilazi, muli kukambirana za malowolo pogwiritsa ntchito timitengo ta tsache, muli dzombe lomwe linatera mudzi wonse n'kusangalala, muli mlandu wa mwamuna womenya mkazi wake, muli mayi akusimbira mwana wake nthano ya kamba ndi mbalame usiku. Wachinyamata amaona ngati nkhani ikuchedwa kuyamba. Wamkulu amazindikira kuti nkhani ndi imeneyi. Wolemba ankafuna kuti tiyambe takhala m'mudzimo, tidziwe amene amaseka mokweza ndi amene amasunga chakukhosi, kuti zinthu zikadzayamba kugumuka, zimene zikugumukazo zikhale zinthu zomwe tikuzidziwa.

Tiyeni tiyambe ndi Unoka, bambo ake a Okonkwo. Powerenga koyamba ndi kosavuta kumuona Unoka ndi maso a mwana wake: waulesi, wangongole, wamantha poona magazi, munthu amene anafa wopanda udindo uliwonse m'mudzi. Zonsezi n'zoona, ndipo sindikufuna kumuyeretsa, chifukwa mkazi wake ndi ana ake ankagona ndi njala iye akuimba. Koma taonani m'mene wolemba amamufotokozera. Akamanena za Unoka mawu amafewa. Tikumva za munthu amene nkhope yake inkawala akagwira chitoliro, amene ankakonda nyengo yotha kukolola, amene ankakumbukira ali mwana akuyang'ana mlengalenga kudikira mphamba kuti aziimbire nyimbo yozilandira. Mnzake Okoye atabwera kudzalonjerera ngongole, Unoka anaseka mpaka misozi, n'kumuonetsa mizere ya choko pakhoma, gulu lililonse la mizere likuimira ngongole kwa munthu mmodzi, n'kumuuza kuti ayamba wabweza zikuluzikulu. Munthu amene sanabwerekepo ndalama amangoseka pamenepa. Amene anagonapo osapeza tulo chifukwa cha ngongole amamva zina pansi pa kusekako.

Ndipo pali kanthu kena kakang'ono komwe ndinkakadutsa osaima. Unoka anadwala matenda otupa mimba ndi miyendo, omwe anthu a ku Umuofia ankawaona ngati chonyansa kwa mulungu wa nthaka, choncho sanaloledwe kufera m'nyumba. Anamunyamula kukamusiya ku nkhalango yoipa. Popita kumeneko anatenga chitoliro chake. Wolemba akunena zimenezi m'chiganizo chimodzi chachifupi, osawonjezapo kanthu. Masiku ano ndikafika pamenepo ndimatseka kaye buku.

Okonkwo mwini wake amasintha kwambiri ukamuwerenga utakula. Bukuli silibisa, limanena poyera kumayambiriro kuti moyo wake wonse unkalamulidwa ndi mantha, mantha oti angafanane ndi bambo ake. Wachinyamata amawerenga chiganizo chimenecho n'kuchiiwala, chifukwa chimene akuona ndi nkhokwe zodzaza, akazi atatu ndi mbiri ya kunkhondo. Munthu wamkulu sangachiiwale. Wakumanapo nawo anthu otere, kuntchito, m'banja, mwina ngakhale mumtima mwake: anthu olimbikira modabwitsa amene sadziwa kupuma chifukwa kumbuyo kwawo kuli umphawi kapena manyazi omwe akuwathawa, ndipo amakalipira ana awo akaona mwa iwo kachizindikiro ka chimene akuthawacho. Ukamuona Okonkwo motere sungathe kumutamanda monga kale, komanso sungathe kungomuda. Umamumvera chisoni uku ukumuopa.

Mutu wachisanu ndi chiwiri ndi umene umaonetsa bwino kusiyana kwa kuwerenga koyamba ndi kobwereza. Ikemefuna ndi mnyamata wa ku Mbaino amene anaperekedwa ku Umuofia ngati dipo, mkazi wa ku Umuofia ataphedwa kumeneko. Anamuika m'manja mwa Okonkwo, nakhala pakhomopo zaka zitatu mpaka anayamba kumutchula kuti bambo. Ankadziwa kupanga zitoliro za nsungwi ndi kutchera misampha, ankadziwa mayina a mbalame, ndipo Nwoye, mwana woyamba wa Okonkwo, anamukonda ngati mkulu wake weniweni. Kenaka mudzi unagamula kuti aphedwe. Ezeudu, nkhalamba ya m'mudzimo, anabwera yekha kudzachenjeza Okonkwo kuti asaikepo dzanja, popeza mwanayo amamutchula kuti bambo.

Ukamawerenga koyamba umakhala ndi chiyembekezo mpaka mzere womaliza. Umati mwina wina aletsa, mwina mwanayo athawa. Ukamabwereza chiyembekezocho palibe, ndipo chifukwa chakuti palibe umamva chilichonse. Anamunamiza kuti akumuperekeza kwawo. Akuyenda m'kanjira ka m'nkhalango atasenza mphika wa uchema, ndipo ife tili m'mutu mwake. Akuganiza za mlongo wake amene anamusiya ali ndi zaka zitatu, kuti tsopano wakula. Akuganiza m'mene mayi ake akathokozere Okonkwo chifukwa chomusamala bwino. Kenaka mantha akumugwira kuti mwina mayi akewo anamwalira, ndiye akuimba mumtima kanyimbo ka paubwana, akuponda motsatira nyimboyo: ikathera pa phazi lamanja mayi ali moyo, ikathera pa lamanzere anamwalira. Inathera pa lamanja. Mwana akuwombeza za moyo wa mayi ake pamene anthu amene akuyenda kumbuyo kwake agwira zikwanje. Atamutema koyamba anathawira kwa Okonkwo akuitana bambo, ndipo Okonkwo anasolola chikwanje chake n'kumumaliza, poopa kuti anzake anena kuti ndi wofooka.

Mungafunse kuti chimwemwe chili pati powerenganso zinthu zopweteka chonchi. Chilipo, ngakhale si cha kuseka. Ndi chimwemwe choona ntchito yogwiridwa bwino. Umaona kuti wolemba anadziletsa, sanalire m'malo mwathu, sanatiuze chomwe tiyenera kumva. Anangotiika m'mutu mwa mwanayo pa nthawi yoyenera. Ndipo umaona zimene zikutsatira: Okonkwo masiku awiri osalawa chakudya, akungomwa, akunjenjemera, akudzifunsa kuti wasanduka liti nkhalamba yaikazi. Ali ndi chisoni koma alibe njira yochitchulira.

Anthu amene ndimabwererako chifukwa cha iwo tsopano si Okonkwo. Woyamba ndi Ekwefi, mkazi wake wachiwiri. Anabereka ana khumi, ndipo asanu ndi anayi anamwalira ali aang'ono. Anatsala Ezinma yekha, amene amaitana mayi ake ndi dzina ngati mnzake. Chiwerengero chimenechi wachinyamata amachiwerenga ngati nambala. Munthu amene anakhalapo usiku wonse atagwira pamphumi pa mwana wotentha thupi sangachiwerenge motero. Ndiye taganizani usiku uja wa mdima wandiweyani pamene Chielo, wansembe wamkazi wa mulungu wotchedwa Agbala, anabwera kudzatenga Ezinma n'kumubereka kumbuyo, akuletsa aliyense kumutsata. Ekwefi anamutsata. Anayenda mumdima usiku wonse, akuopa mizimu, akuopa temberero la wansembeyo, mpaka pakhomo pa phanga, ndipo analumbira mumtima kuti akangomva mwana wake akulira alowa kukamuteteza kwa milungu yonse ya padziko. M'buku lodzaza ndi amuna odzitama ndi nkhondo, kulimba mtima koposa konse kuli pamenepa.

Pakhomo pa phanga paja Ekwefi anatembenuka n'kuona mwamuna ataima ndi chikwanje. Anali Okonkwo. Zimenezi ndinkazikumbukira. Koma chimene ndinadzachiona pambuyo pake chili m'mutu wotsatira, chonenedwa mongodutsa pakati pa zokonzekera phwando la ukwati: Okonkwo sanagone usiku umenewo. Anadikira kanthawi kuti asaoneke wopupuluma, n'kupita kuphangako, osapeza munthu, n'kubwerera. Anapitanso, anapitanso, ndipo anamupeza Ekwefi pa ulendo wachinayi, nkhawa itamugwira kwambiri. Palibe aliyense m'nkhanimo amene akudziwa zimenezi, ndi ife owerenga tokha. Munthu yemweyo amene anapha Ikemefuna anayenda maulendo anayi mumdima chifukwa cha mwana wake wamkazi, ndipo sanauze munthu. Zinthu ngati izi ndi zimene buku labwino limasungira amene abwerera.

Wachiwiri ndi Obierika, bwenzi la Okonkwo. Iye anakana kupita nawo kokapha Ikemefuna, ndipo anamuuza mnzakeyo maso ndi maso kuti zimene anachita sizikondweretsa nthaka. Pa maliro a Ezeudu mfuti ya Okonkwo inaphulika n'kupha mwana wa malemuyo, mnyamata wa zaka 16. Lamulo linali loti Okonkwo achoke m'mudzi zaka zisanu ndi ziwiri ndipo nyumba zake zigwetsedwe. Obierika anali m'gulu la ogwetsawo. Atamaliza anakhala pansi n'kudzifunsa chifukwa chimene munthu ayenera kuvutikira chonchi pa mlandu wangozi, ndipo anakumbukira mapasa a mkazi wake omwe iye mwini anakawataya kutchire. Yankho sanalipeze. Ine ndimamumvetsa kwambiri munthu ameneyu, ndipo ndikhulupirira kuti akuluakulu ambiri amamumvetsa. Amakonda anthu akwawo, amatsata malamulo awo, koma ali ndi mafunso omwe sachoka. Ndipo pa nthawi imene mnzake anali kutali, iye ankagulitsa zilazi za mnzakeyo n'kumupititsira ndalama zake. Ubwenzi wotere mtengo wake umaudziwa utaona m'mene anthu amabalalikira zinthu zikamuvuta munthu.

Wachitatu ndi Uchendu, amalume ake a Okonkwo ku Mbanta, kwawo kwa mayi ake, komwe anakakhala zaka zisanu ndi ziwirizo. Okonkwo anafika atathyoka mtima, osafuna kugwira ntchito ndi mphamvu monga kale. Nkhalambayo inasonkhanitsa ana ake n'kumulankhula pamaso pawo. Inamukumbutsa kuti mwana akamenyedwa ndi bambo ake amathawira kwa mayi ake, ndipo kuti kukana chitonthozo cha kuchimake ndi kukhumudwitsa akufa. Kenaka inamufunsa ngati akuganiza kuti ndiye wovutika kuposa onse padziko. Inamuuza kuti iyo inaika m'manda ana 22, koma sinadzimangirire, ikadali moyo. Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo kwa wowerenga amagoneradi: ukamawerenga koyamba ndi malangizo a nkhalamba basi, koma ukadziwa m'mene Okonkwo adzafere, mawu amenewa amakuzizira m'thupi. Wolemba anaika chenjezo pakati pa buku, ndipo limamveka kwa yekhayo amene anafika kale kumapeto.

Apa ndi pamene ndimaima n'kuganiza za wolembayo. Achebe anabadwa mu 1930 ku Ogidi, kum'mawa kwa Nigeria, ndipo bukuli linatuluka ku London mu 1958, losindikizidwa ndi kampani ya Heinemann, iye ali ndi zaka 27. Pamene ndinkaliwerenga koyamba, wolemba anali munthu wamkulu kwa ine. Tsopano ndinapitirira msinkhu umene iye anali nawo polemba, ndipo ndimazizwa kuti mnyamata wa zaka zimenezo anadziwa bwanji kulankhula ngati Uchendu, kapena kulowa mumtima wa mayi amene anaika ana asanu ndi anayi. Yankho lomwe ndili nalo ndi lakuti anali munthu womvetsera. Bukuli linatsala pang'ono kusowa lisanabadwe. Iye anatumiza kope lake lokhalo, lolemba pamanja, ku kampani yotayipa ku London, ndipo linakhala kumeneko miyezi osakhudzidwa mpaka Angela Beattie, bwana wake kuwailesi komwe ankagwira ntchito, anapitako yekha kukalonjerera. Poyamba anasindikiza makope 2,000 okha. Mu 1962 linakhala buku loyamba mu mndandanda wa African Writers Series.

Chigawo cha amishonale nachonso chimakula ndi wowerenga. Wachinyamata amafuna kudziwa kuti abwino ndi ati, oipa ndi ati, ndipo bukuli limakana kumupatsa yankho lophweka. Nwoye sanalowe mpingo chifukwa chomvetsa chiphunzitso. Chinamukoka ndi nyimbo, yomwe inakhudza mafunso awiri amene ankamudya mumtima: kulira kwa mapasa otayidwa kutchire ndi imfa ya Ikemefuna. Oyamba kulowa mpingowo ambiri anali anthu amene mudzi unkawaona ngati opanda pake, ndi akazi ngati uja amene anabereka mapasa kangapo n'kuwataya onse. Umuofia unali ndi mabala ake, ndipo chipembedzo chatsopano chinalowera pa mabala omwewo. Koma kumbuyo kwa mpingo kunabwera khoti, ndende ndi amesenjala achinyengo. Panali mmishonale Mr Brown amene ankakhala pansi ndi Akunna, mmodzi wa akuluakulu a m'deralo, kukambirana za Mulungu mwaulemu, ndipo panabwera Reverend James Smith amene sankafuna kumva za wina. Atsogoleri asanu ndi mmodzi ataitanidwa ndi bwana DC kuti akakambirane, anawamanga maunyolo, amesenjala n'kuwameta mipala, ndipo chindapusa cha matumba 200 a tizigoba tomwe tinali ndalama zawo anachikweza okha kufika 250 kuti otsalawo agawane. Munthu amene wakhala m'dziko nthawi yokwanira sadabwa ndi matumba 50 amenewo.

Za mapeto sindinena zambiri. Okonkwo anapha mesenjala pamsonkhano, anaona kuti anthu akwawo samutsata kunkhondo, ndipo anakadzimangirira. Mwa malamulo a Umuofia mtembo wa munthu wodzipha sungakhudzidwe ndi abale ake, uyenera kutsitsidwa ndi kuikidwa ndi alendo. Apa wowerenga wobwereza amakumbukira Unoka ku nkhalango yoipa: mwana anathawa bambo ake moyo wonse, koma onse awiri anamanidwa maliro aulemu. Kenaka m'ndime yomaliza timachotsedwa pakati pa anthu amene takhala nawo n'kuikidwa m'mutu mwa bwana DC, amene akuganiza za buku lomwe akulemba lonena za mitundu ya m'chigawo cha mtsinje wa Niger. Akuona kuti nkhani ya munthu ameneyu ingakwane mutu wathunthu, kenaka akusintha maganizo, ndime imodzi ikwanira. Achebe anaphunzira ku University College ku Ibadan, komwe anawerenga mabuku a azungu onena za Africa monga Mister Johnson la Joyce Cary, ndipo sanadzipeze m'menemo. Ndime yomalizayo imaonetsa mtundu wa kalembedwe komwe iye ankayankha, zaka ziwiri Nigeria isanalandire ufulu mu 1960. Ukafika pamenepo uli ndi mitu yonse ya moyo wa Umuofia mumtima, umapsa mtima, ndipo kupsa mtimako sikuchepa ngakhale ubwereze kangati.

Pali amene amati kubwereza buku ndi kufuna kubwerera ku ubwana. Ine sindivomereza. Ubwana suli m'masamba amenewo. Kubwereza kuli ngati kukachezera wachibale wokalamba amene nkhani zake unazimva kale: supitako kukamva zachilendo, koma ulendo uliwonse umamva mbali ina ya nkhani yomweyo, chifukwa moyo wakuphunzitsa funso lomwe kale sunkadziwa kufunsa. Sindinyoza kuwerenga kwa paubwana. Mwana amene anachita chidwi ndi mphamvu za Okonkwo anawerenga moona mtima, ndipo n'chifukwa cha iye kuti bukuli ndimalikonda. Kungoti panali zipinda zina zomwe sakanatha kulowamo. Sikuti buku lililonse limapirira kubwerezedwa ayi. Ena ukawatsegulanso umapeza kuti zonse anazipereka ulendo woyamba, ndipo umawabwezera pashelefu popanda chidandaulo.

Ulendo wotsatira ndikufuna kutsata mkazi wamkulu wa Okonkwo. Buku lonse silitchula dzina lake, limangoti mayi a Nwoye. Ndi iye amene anadyetsa ana a Ojiugo, mkazi wamng'ono, tsiku lomwe anachedwa kokaluka tsitsi, ndipo Okonkwo atafunsa ngati Ojiugo anamupempha kutero, ananama kuti inde pofuna kumuchepetsera mlandu. Ndi iye amene analera Ikemefuna ngati wake, ndipo atamva kwa Nwoye kuti mnyamatayo akupita kwawo, anagwetsa munsi womwe ankasinjira, n'kupinda manja pachifuwa, chifukwa anadziwa tanthauzo lake. Pambuyo pake mwana wake woyamba anachoka pakhomo kupita kwa amishonale, bambo ake n'kumukana. Amangooneka apa ndi apo, ndipo ndikufuna kulemba malo onse omwe akutchulidwa kuti ndione chimene chituluke ndikawaika pamodzi.